Tisanagwetse Tchalitchi Lakale



Tili m'nyengo imene Mpingo udapatula kuti tiziganizira za chilengedwe, kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 4 Okutobala, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi. Kuno kwathu nyengo yomweyi ndi nyengo ya zomangamanga. Tikamayenda m'maparishi tikuwona amai atasenza madzi, anyamata akuponda dothi, amisiri ali pa makwerero. Akhristu achuluka, matchalitchi amene adamanga agogo athu achepa, ndipo ambiri mwa iwo chiswe chidadya kale phaso lake. Nkoyenera kuti agwetsedwe, ena amangidwe. Tikuthokoza Mulungu chifukwa cha khama limeneli. Koma madzulo ano tifuna kulankhula za alendo ena okhala m'madenga a nyumba zakalezo, amene salembedwa m'kaundula wa parishi ndipo sapereka chakhumi. Tikunena mileme.

Mwina ena mwayamba kale kuseka. Ifenso tidaseka tsiku loyamba.

Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, tidakhala nawo pa msonkhano wa komiti ya zomanga pa nthambi ina ya kumudzi. Tchalitchi latsopano lidaali litafika pa mtanda wa denga, ndipo akuluakulu adaagwirizana kuti lakale aligwetse mvula isanakhazikike, kuti malata ake abwino akafolere khonde. Mlembi adaŵerenga ntchito zotsala: kuchotsa mabenchi, kutsitsa belu, kusamutsa mtanda, kupha mileme. Njira yake adaaikonza kale. Adati atseke ziboo zonse ndi dothi masana, mileme ili m'tulo, kenaka afukize tsabola ndi kuthira mankhwala a thonje m'siling'i. Onse adavomera. Tsono katekisiti wina wokalamba, amene adaapuma kale pa ntchito, adaimika dzanja nafunsa kuti, “Pepani akuluakulu, kodi yopulumukayo ikagona kuti? Nanga yakufayo adzatola ndani?” Anthu adaseka. Mkulu uja sadakwiye. Adangoloza nyumba ya aphunzitsi ndi kachipatala kamene kali tsidya la mseu, nati, “Madenga aja ndiwo ali pafupi.” Kuseka kudatha, pakuti mkazi wa mphunzitsi adaali pomwepo.

Tisanapitirire, tivomereze kuti odandaulawo sanama. Amai amene amasesa m'tchalitchi Loŵeruka lililonse akudziŵa fungo lake. Akudziŵa kuchapa nsalu ya pa guwa lero, maŵa nkuipeza ili madonthomadontho. Pali matchalitchi amene siling'i yake idagwa chifukwa cha kulemera kwa zitosi za zaka zambiri. Nyumba ya Mulungu iyenera kukhala yaukhondo, ndipo palibe amene akunena kuti tilekerere mileme iipitse guwa la nsembe. Funso lathu ndi lina: pochotsa mlendo amene wakhala nafe zaka makumi anai, kodi mkhristu amachotsa bwanji?

Malembo Oyera satchula mleme kaŵirikaŵiri, ndipo pamene autchula sautamanda. Pa Levitiko mutu 11 ndi pa Deuteronomo mutu 14 uli kumapeto kwa mndandanda wa zouluka zimene Aisraele sadaloledwe kudya. Mneneri Yesaya, pa mutu 2, akuti pa tsiku la Ambuye anthu adzataya mafano ao kumene kumakhala mileme, ndiye kuti kumdima, kumalo otayidwa. Ena amaŵerenga mau ameneŵa nkumati Mulungu amadana nawo mleme. Koma taonani bwino. Lamulo la Mose lidaletsa kuudya, silidalamule kuupha. Kunena zoona, lamulo limenelo ndilo lidautchinjiriza ku mphika. Ndipo buku lomwelo la Deuteronomo, pa mutu 22, lili ndi kalamulo kakang'ono kamene ambiri sitikadziŵa: munthu akapeza chisa cha mbalame m'njira, make ali pa mazira kapena pa ana, asatenge make pamodzi ndi anawo. Lonjezo limene Mulungu adaika pa kalamulo kameneka ndi lofanana ndi limene adaika pa lamulo la kulemekeza atate ndi amai, ndilo la moyo wabwino ndi wautali. Mulungu amene adapereka malamulo a pa Sinai sadachite manyazi kulamulanso za chisa.

Kumbukiraninso Nowa. Dziko lakale lidaayenera kugwetsedwa, monga tchalitchi lathu lodyedwa ndi chiswe lija. Koma madzi asanabwere, Mulungu adayamba walamula kuti pamangidwe malo opulumukiramo, ndipo adatchula muyeso wake, zipinda zake ndi mtengo wake. M'chombomo mudaloŵa nyama zololedwa kudya ndi zosaloledwa zomwe. Chigumula chitatha, pa Genesis mutu 9, chipangano chimene Mulungu adachita sichidali cha Nowa ndi ana ake okha, koma cha zamoyo zonse zotuluka m'chombo muja. Dongosolo lake ndi limenelo: chombo poyamba, chigumula pambuyo. Komiti yathu ija idaafuna kuyamba ndi chigumula.

Ndipo wolemba Salimo 84, ataima m'bwalo la Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, adakweza maso nawona timbalame titamanga zisa pafupi ndi guwa. Sadaitane mlonda kuti abwere ndi nsungwi. Adatichitira nsanje, chifukwa tidaali kukhala usana ndi usiku pamalo pamene iye ankangofikapo pa zikondwerero.

Chifukwa chimodzi chimene timadera mleme nchakuti sitiudziŵa. Nthano za makolo zimati mbalame zidaukana chifukwa uli ndi mano ndi ubweya, nyama zidaukananso chifukwa uli ndi mapiko, choncho udasanduka wa usiku wopanda mbale. Ena amauika m'gulu limodzi ndi kadzidzi ndi fisi, nkumati ndi chiŵeto cha afiti. Abale athu, mkhristu wobatizidwa sayenera kunjenjemera ndi kanyama kolemera ngati kabokosi ka machesi. Mleme si wa mfiti. Mwini wake ndi Yemwe adalenga usiku, ndipo adafuna kuti usikuwo ukhale ndi antchito ake monga usana uli ndi ake.

Mleme ndi nyama yoyamwitsa, ndipo mwa nyama zonse zoyamwitsa ndi wokhawo umene umauluka ndi mapiko enieni. Pa dziko lonse pali mitundu yake yoposa 1,400, ndiye kuti pa mitundu isanu iliyonse ya nyama zoyamwitsa, umodzi ndi wa mileme. M'Malaŵi muno muli mitundu yoposa 50. Anthu amati mleme ndi mbeŵa yamapiko, koma pa kubereka ziŵirizi nzosiyana kutali. Mbeŵa imaswa ana ambiri kangapo pa chaka, nkufa msanga. Mleme kaŵirikaŵiri umabereka mwana mmodzi pa nthaŵi, mitundu yambiri kamodzi kokha pa chaka, ndipo umatha kukhala zaka 10, 20, ina kuposa 30. Mwanayo amabadwa wopanda mphamvu, amakangamira make ndi kuyamwa kwa milungu ingapo asanayambe kuuluka. Make akapita kokasaka usiku, ana amatsala m'denga ataunjikana kuti afunditsane, ndipo pobwera aliyense amazindikira wake ndi kulira kwake ndi fungo lake, pakati pa mazana. Nchifukwa chake gulu la mileme likaphedwa usiku umodzi, silibwerera msanga.

Za m'mene umayendera mumdima, woyamba kuzifufuza mozama adaali wansembe wa Katolika, Lazzaro Spallanzani, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Pavia ku Italy. M'zaka za 1793 ndi 1794 iye adapeza kuti mleme wosaona umauluka bwinobwino osagunda kanthu, ndipo mnzake wa ku Geneva, Louis Jurine, adapeza kuti ukautseka makutu umangogundagunda. Njira zimene adayesera zidaali zankhanza, ndipo sitikuziyamikira; koma zimene adawona zidaali zoona, ngakhale akatswiri a nthaŵi yao adazikana. Padapita zaka zoposa 140 kuti Donald Griffin wa ku America, pogwiritsa ntchito makina, amve zimene khutu la munthu silimva. Mleme umafuula ndi mau okwera kwambiri, mauwo akagunda chinthu amabwerera monga amachitira mau athu m'phanga, ndipo pomva kubwererako umadziŵa kuti apa pali chipupa, apo pali kachirombo, kakuloŵera uku. Zonsezi zimachitika kangapo pa kuphethira kumodzi kwa diso. Pamene ife tikuimba Misa ya usiku wa Khrisimasi, pamwamba pathu pamakhala kwaya ina imene amaimva ndi Mulungu yekha.

Nanga ntchito yake njotani? Mileme ing'onoing'ono ya m'madenga athu imadya tizirombo touluka: njenjete, agulugufe ausiku, zikumbu, inswa ndi udzudzu. Umodzi umatha kudya tizirombo mazanamazana usiku umodzi, ndipo woyamwitsa umadya koposa. Alimi simudaiŵale chaka cha 2017, pamene ntchemberezandonda idaloŵa m'minda ya chimanga m'dziko muno. Mbozi imeneyi imachokera ku mazira a gulugufe wouluka usiku, nthaŵi imene mbalame zili m'tulo ndi mlimi ali m'tulo. Ku America, kumene idachokera, akatswiri adapeza kuti mileme ya mchira wotulukira kunja, abale ake a imene ili m'madenga athu, imadya agulugufe amenewo. Ku Limpopo, m'dziko la South Africa, alimi a makademiya amakhoma mabokosi a mileme m'minda mwao dala, chifukwa imadya tizirombo toboola mtedzawo. Tisakokomeze: mleme suthetsa malungo, ndipo aliyense azigonabe m'neti. Koma ndi wantchito wa usiku amene salipidwa, ndipo mlimi amene alibe ndalama za mankhwala ndiye woyamba kutaya akaphedwa.

Mileme ikuluikulu yodya zipatso ili ndi ntchito ina. Duŵa la mlambe limatseguka madzulo, loyera, lolendeŵera pansi, ndipo limafota maŵa lake. Lidapangidwira mlendo wa usiku. Mileme ikamamwa timadzi take imanyamula mungu kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina, ndipo malambe amene ana athu amagulitsa m'mbali mwa mseu amayambira pamenepo. Mvunguti nawo ndi chimodzimodzi. Abale athu a ku Zambia amene mukutimva mukudziŵa za nkhalango ya Kasanka, m'dera la Serenje, kumene chaka ndi chaka, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, mileme mamiliyoni angapo imasonkhana m'kachigawo kakang'ono ka mitengo ya m'dambo. Imabwera kudzadya masuku ndi zipatso zina zakuthengo, ndipo ikamauluka mitunda italiitali imamwaza njere zake. Ife timabzala mitengo tsiku limodzi pa chaka, atolankhani alipo. Iyo imabzala usiku uliwonse.

Pano pali chinthu chimene tiyenera kuchilapa. Kodi mileme idaloŵa bwanji m'madenga athu? Kale inkagona m'mphako za mitengo ikuluikulu, m'makungwa ndi m'ming'alu ya matanthwe. Mitengo imeneyo tidaidula, ina ya makala, ina ya fodya, ina yootchera njerwa za matchalitchi omweŵa. Tidagwetsa nyumba yake yoyamba, iyo nkuthaŵira m'nyumba ya Mulungu. Tsopano tikugwetsa yachiŵiri.

Maiko ena adafika kale pamene tikuloŵera ife. Ku Britain mileme idachepa kwambiri m'zaka za m'ma 1900, chifukwa cha mankhwala a m'minda, mankhwala aululu opaka matabwa a denga, ndi kugwetsa kapena kukonzanso nkhokwe ndi nyumba zakale. M'chaka cha 1981 boma lidakhazikitsa lamulo loteteza mitundu yonse ya mileme ya m'dzikomo. Chodabwitsa m'malamulo ao nchakuti sateteza kanyama kokha, koma ndi malo ake ogona, ngakhale pa miyezi imene mileme idachokamo, popeza imabwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka. Munthu wofuna kugwetsa nyumba yakale imene ingakhale ndi mileme amayamba waitana katswiri. Katswiriyo amayang'ana m'denga, kenaka amadikira panja madzulo ndi makina omvera, kuŵerenga yotuluka ndi kuzindikira mtundu wake. Ikapezeka, mwini nyumba amapempha chilolezo ku boma, ndipo chilolezocho chimanena miyezi yogwirira ntchito, kupewa nthaŵi ya ana ndi nthaŵi yachisanu imene mileme ya kumeneko imagona tulo ta miyezi. Denga amasasula ndi manja, pang'onopang'ono, katswiri ali pomwepo. Ndipo malo atsopano amayenera kukonzedwa: mabokosi pa mitengo, njerwa zamphako m'chipupa cha nyumba yatsopano, kapena kachipinda ka m'denga kopatulidwira iyo. Mu Disembala 2020 khothi lina ku London lidalipitsa kampani yomanga nyumba mapaundi 600,000 chifukwa idaononga malo ogona mileme pogwetsa nyumba popanda chilolezo.

Matchalitchi a kumeneko ali ndi vuto lathu lomweli, pakuti ambiri adamangidwa zaka mazana apitawo ndipo mileme idakhazikikamo kalekale. Akhristu ena adafika potopa, nkumati lamulo likukonda mileme kuposa anthu opemphera. Nchifukwa chake Mpingo wa Anglikani, pamodzi ndi boma ndi bungwe la Bat Conservation Trust, adayendetsa ntchito ya zaka zisanu, imene idatha m'chaka cha 2023, m'matchalitchi oposa 100. M'malo ambiri yankho lidaali la mmisiri wa matabwa: kutchinga kachigawo ka denga kuti mileme iziloŵa ndi kutuluka cha kunja, koma isathe kutsikira m'kati mopemphereramo. Guwa lidayera, mileme idatsala.

Tisabise kuti malo atsopano salandiridwa nthaŵi zonse. Mleme suŵerenga chikwangwani. Pa yunivesite ya Florida ku America, nyumba ina yakale idapsa m'chaka cha 1987, ndipo mileme ya m'denga lake idasamukira m'mabwalo a maseŵera, kumene idasautsa oonerera ndi fungo ndi zitosi. M'chaka cha 1991 akuluakulu adaimangira nyumba yakeyake pa mizati italiitali, naitsekera kunja kwa mabwalo aja. Adagwira ina naiika m'nyumba yatsopanoyo, koma idathaŵamo. Nyumbayo idakhala yopanda kanthu zaka zoposa zitatu, anthu akuiseka. Mileme idakhazikikamo m'chaka cha 1995, ndipo idachuluka mpaka m'chaka cha 2009 matabwa a m'kati adathyoka ndi kulemera kwake, kotero kuti adamanga ina pambali. Lero imaŵerengedwa m'zikwi mazanamazana, ndipo anthu amasonkhana madzulo kudzaonerera ikamatuluka. Akatekisiti amene mudaphunzitsapo munthu zaka zitatu osaona kusintha, nkhani imeneyi mukuimvetsa kuposa ife.

Wina anena kuti, “Abambo, amenewo ndi azungu a ndalama. Ife tikusoŵa simenti, ana athu akugona ndi njala, inu mukutiuza za nyumba ya mileme?” Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo Mpingo uli nalo yankho la mbali ziŵiri. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2415 mpaka 2418, amaika nkhani ya nyama pansi pa lamulo lachisanu ndi chiŵiri, loletsa kuba. Amaphunzitsa kuti si bwino kutayira pa nyama chuma chimene chikadayenera kuyamba chathandiza anthu ovutika. Koma pa ndime yomweyo amaphunzitsanso kuti kuzunza nyama kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu mwini wakeyo. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, adatikumbutsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi mtengo wake pamaso pa Mulungu, osati chifukwa chakuti chikutipindulira chabe, ndi kuti tilibe ufulu wochifafaniza. Tsono sitikupempha ndalama za ana amasiye. Zimene tikupempha ndi matabwa angapo, misomali ya m'thumba limodzi, ndi kudikira. Pa zitatuzi chovuta ndi kudikira.

Tamverani tsono m'mene zingachitikire pa nthambi yanu. Chinthu chachikulu kuposa zonse ndi mwezi. Mileme yambiri ya kuno imabereka mvula ikamayamba, m'mwezi wa Novembala ndi Disembala, pamene tizirombo tachuluka, ndipo ya m'madenga imatha kuberekanso mpaka Malichi kapena Epulo. Mukatseka ziboo pa miyezi imeneyo, amai atsala kunja, ana afera m'kati ndi njala, ndipo fungo limene mudaafuna kuthetsa liŵirikiza. Nthaŵi yabwino ndi ya chisanu ndi chilimwe, kuyambira Juni mpaka Sepitembala, ana onse atayamba kuuluka. Ngati simunayambe pofika pakati pa Okutobala, dikirani chaka chamaŵa.

Bokosi likhomedwe miyezi ingapo nyumba isanagwe, kuti mileme ilizoloŵere. Kalipentala aliyense angathe kulipanga. Matabwa akhale osapala ndi osapaka mankhwala, kuti zikhadabo zizigwira. M'kati mukhale timipata tingapo toimirira, topapatiza ngati kunenepa kwa chala chachikulu, pafupifupi masentimita 2, pakuti mleme umakonda kupanikizika. Khomo likhale pansi, pamwamba pakhale potseka ndi kachidutswa ka lata kuti mvula isaloŵe. Mulikweze mamita 4 kapena 5 pa mzati kapena pa chipupa cha nkhokwe, pamalo ofunda, popanda nthambi zotchinga, kutali pang'ono ndi khomo la tchalitchi ndi chitsime. Gulu likakhala lalikulu, mabokosi akhale angapo. Ndipo ngati pali kansanja ka belu kapena kanyumba kosungiramo makasu kamene sikasautsa munthu, kasiyeni. Nyumba yakale imene mileme ikuidziŵa iposa bokosi latsopano.

Potulutsa, khalani panja madzulo aŵiri kapena atatu dzuŵa litangoloŵa, anthu angapo mozungulira nyumba, muone ziboo zimene ikutulukira. Tsekani zina zonse, musiye zimenezo. Pa chiboo chilichonse chotsala lendeŵetsani chidutswa cha neti yakale yong'ambika, chokhomedwa pamwamba ndi m'mbali, cholekerera pansi, chotsika ngati theka la mita. Mleme potuluka umatsetsereka nkugwera kunja, koma pobwera umalunjika pa chiboo nkupeza chatchingidwa. Pakatha masiku asanu ndi aŵiri, madzulo ena osatulukanso kanthu, pamenepo tsekani kapena yambani kusasula. Malata muchotse ndi manja, cha kumadzulo, kuti wotsalira uthaŵire mumdima, osati m'kamwa mwa khwangwala.

Mankhwala aululu asaloŵe m'nyumba ya Mulungu. Amene amapha mleme amadwalitsanso mwana wotumikira pa guwa, ndipo mileme yomwa ululu imagwera pabwalo pamene ana ndi agalu amaitola. Apa makolo mumvetsetse. Mileme ina, yoŵerengeka, imakhala ndi chiwewe, ndipo umene wagwa pansi masana ndiwo wokayikitsa. Mwana asaugwire ndi manja. Wamkulu auvundikire ndi chitini kapena autole ndi nsalu yochindikala. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati la singano. Posesa zitosi zakale muyambe mwawaza madzi kuti fumbi lisabuke, mumange nsalu pamphuno ndi pakamwa, chifukwa fumbi limenelo limatha kudwalitsa mapapo. Zitosizo musataye: ndi manyowa amphamvu, ndipo dimba la parishi lidzakuthokozani.

Mwina mukudabwa kuti nthaŵi ya Mau a Mulungu taithera pa misomali ndi maneti. Koma funso la katekisiti uja, lakuti wopulumukayo akagona kuti, silithera pa mileme. Ambuye Yezu, pa Mateyo mutu 8, adadziŵa kuti nkhandwe ndi mbalame zili ndi kwao pamene Iwo adaalibe potsamira. Abale athu a kumwera amene adaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziŵa kudzuka denga palibe, ndipo ambiri adagona milungu m'masukulu ndi m'matchalitchi. Munthu aposa mileme yonse ya ku Kasanka, zimenezo sitikukayika. Koma mtima umene umalemba “kupha mileme” pakati pa kutsitsa belu ndi kusamutsa mtanda, osaima nkomwe, ndi mtima womwewo umene umauza wa lendi kuti atuluke pofika Loŵeruka chifukwa tapeza wolipira zambiri. Ndi womwewo umene umagwetsa kanyumba ka mlonda wa parishi pokuza mpanda, osafunsa kumene ana ake akagone, ndiponso umene umasasula malata pa nyumba ya mai wamasiye maliro asanathe mwezi. Timaphunzira kusafunsa pa zazing'ono. Tikaphunzitsa ana a Chikonzekero kufunsa funso limeneli chifukwa cha kanyama konyozeka, sadzavutika kulifunsa chifukwa cha agogo ao.

Pa nthambi ija, komiti idakambirana mpaka dzuŵa kupendeka. Ena adadandaula kuti khonde likhala losafolera dzinja lonse, ndipo adanena zoona: lidakhaladi losafolera, ndipo pa Khrisimasi ochedwa kufika adanyowa. Koma adagwirizana kudikira. Achinyamata adapanga mabokosi atatu ndi matabwa a siling'i imene idaagwa kale, nawakweza kuseri kwa munda mu Disembala. Mu Julayi chaka chino adalendeŵetsa maneti, ndipo ana a sukulu amene adaŵerenga madzulo oyamba adatopa asanamalize. Tchalitchi lakale lidagwetsedwa mwezi watha popanda mtembo wa mleme ndi umodzi womwe. Yambiri idaloŵa m'denga la kanyumba ka makasu, kamene komiti idaganiza zokasiya. M'mabokosi aŵiri mudaloŵa mavu. Pansi pa lachitatu mkulu uja adayala chiguduli, ndipo m'maŵa uliwonse, pochokera ku mapemphero, amapita kukachiyang'ana. Sabata yatha adatitumizira uthenga kuti wapezapo timbewu takuda tokwana m'chikhato.

Akatekisiti a nthambi zimene zikumanga chaka chino, Lamulungu likudzali musafulumire kupita kwanu. Khalani pabwalo ndi ana mpaka dzuŵa liloŵe, muyang'ane ku denga, ndipo zimene muŵerenge mukazipereke ku komiti isanaitane amisiri. Ambuye akudalitseni, mugone bwino.